Khadi la Nsanja ndi Diresi la Chinkhoswe

Panali mtsikana wina wa kwathu ku Edmonton, kutsidya kwa nyanja, dzina lake Mwayiwathu, amene ankagwira ntchito yosamalira okalamba. Amene anandiuza akuti zinachitikadi, m'chaka cha 2006. Anali pa ubwenzi ndi Jailos, dalaivala wa basi. Jailos anali atapereka kale chikole, wotchi ya pamkono, ndipo ankhoswe kumudzi anali atayamba kukambirana za tsiku la chinkhoswe.

Jailos sanali wa mawu ambiri. Koma kukazizira ankamudikira pa siteji atanyamula jekete lachiwiri, ndipo akamadya nkhuku ankamukankhira nthutumba mwakachetechete, ngati sakudziwa kuti ndi gawo la abambo.

Kenako zinthu zinayamba kudabwitsa. Loweruka lililonse Jailos ankasowa. Diresi la buluu la Mwayiwathu linasowa pachingwe tsiku limene Jailos anabwera kudzacheza. Tsiku lina foni ya Jailos inalira ali kukhitchini, Mwayiwathu n'kusuzumira. Meseji inati: "Bwerani Loweruka ku Croydon. Musadandaule, iyeyo sadziwa. Mariam."

Anauza Anti Ellen, namwino wachikulire amene ankakhala naye fulati imodzi.

"Mwana iwe, mufunse mwini wake," anatero Anti Ellen. "Ukachita manyazi, uza ankhoswe. Ndi ntchito yawo imeneyo."

"Akana, Anti. Ndamva kuti ku Ilford kuli mayi woona za m'tsogolo ndi makadi."

"Makadi? Makadiwo anakumanapo naye kuti Jailos?"

Koma Mwayiwathu anakwera basi. Mayi wa makadiyo anamulandira m'kachipinda ka pamwamba pa shopu ya mafoni. Asanagwire n'komwe makadi anati, "Ndiuze zonse, wokondedwa." Mwayiwathu anakhuthula zonse: diresi, meseji, Croydon. Apo mayiyo anasakaniza makadi n'kumuuza kuti asankhe limodzi.

Linatuluka khadi la nsanja. Mphezi yaiwomba pamwamba, moto ukutuluka m'mawindo, anthu awiri akugwa mitu pansi.

Mayiyo anagwira pachifuwa. "Khadi ili likatuluka pa nkhani ya chikondi, ndiye kuti zatha. Ubwenzi wanuwu unamangidwa pa bodza. Usadikire kuti ukugwere, ugwetse wekha. Usamufunse kanthu, akunamiza. Ubwere sabata yamawa ndidzakutsuke."

Tsiku lomwelo Mwayiwathu anakulunga wotchi ija m'jumbo n'kukaiponya pakhomo pa Jailos. Munthu wa kwathu akabwezeredwa chikole safunanso kumasuliridwa. Sizinamukwanire. Anagula khadi la foni n'kuimbira a Biswick, malume a Jailos, amene anali nkhoswe yake.

"Mphwanuyo ndi hule," anatero, "ndipo inu mumadziwa. Banja lanu lonse ndi la akuba!"

Mtsikana amene sankatha n'kuyang'ana wamkulu m'maso ndi amene analankhula mawu amenewa. A Biswick anangoti, "Tamva, mayi," n'kudula foni.

Patapita masiku anayi, pakhomo panagogoda mayi wa imvi, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Ndine Mariam, telala wa ku Croydon. Inu ndinu Mwayiwathu?"

Anatsegula chikwama. Munali diresi la chitenje, losokedwa bwino, la chinkhoswe. Pansi pake panali diresi la buluu lija, lochapa ndi kusita.

"Jailos anabwera nalo kuti nditengerepo muyeso, ankafuna kukudzidzimutsani. Loweruka lililonse ankabwera kudzayesa malaya ake ofanana nalo, n'kumandivutitsa kuti mabatani sanakhale bwino. Akuti ndikupatsenibe, muyeso ndi wanu." Mayiyo anamuyang'ana. "Mwana wanga, ine ndili ndi zidzukulu zitatu. Jailos ndimutani?"

Mwayiwathu anakhala pansi pomwepo pakhomo. Mayi Mariam sanamudzudzule. Anangomusisita pamsana mpaka misozi itachepa.

Mwayiwathu anaimbira Jailos n'kumuululira zonse, ndi za makadi zomwe.

"Kundikayikira kokha ndikanakukhululukira," anatero Jailos. "Koma amalume anandilera ndi amene aja, ndiye uwatche akuba? Akuti pa nkhani ya iwe sadzaimanso. Unafunsa kapepala, ine ndili pompano osandifunsa." Mwezi usanathe anapempha kuntchito kuti amusamutsire ku Manchester.

Mwayiwathu anabwerera ku Ilford. Atafotokoza, mayi wa makadi anamwetulira.

"Waona? Nsanja yagwa monga ndinanenera. Khala pansi tione za mwamuna wina amene akubwera."

Mwayiwathu anadzuka mofulumira, bondo lake n'kugunda tebulo, makadi onse mbwee pansi. Poti analeredwa mwaulemu, anawerama kuti atole. Anatola nsanja. Anatolanso lina, nsanja. Lachitatu, nsanja yomweyo, mphezi yomweyo. Pafupifupi theka la mpukutuwo linali khadi limodzimodzi.

"Siya! Makadi anga sagwiridwa!" mayiyo anakuwa. Manyazi analibe ngakhale pang'ono.

Pamasitepe panali mayi wina akudikira, maso ali ofiira, foni ataifumbata. Mwayiwathu anamuika makadi awiri a nsanja m'manja.

"Achemwali, lanu ndi limeneli, ndakutengerani kale. Pitani mukamufunse mwini wake."

Diresi la chinkhoswe lija analiyesa kamodzi kokha. Linamukwana ndendende.

Phunziro: Munthu amene wakuuza kuti usamufunse wokondedwa wako akufuna kuti uzibwera kwa iye. Ukakayika, funsa mwini wake, ukalephera uza ankhoswe, usanabweze chikole kapena kutukwana akulu chifukwa cha chithunzi cha papepala. Tumizani nkhaniyi kwa alongo ndi anzanu, makamaka amene ali kutali ndi kwawo, asanakwere basi ya ku Ilford.