Pulezidenti Wathu Ali Kumunda

Lamulo likuti banja lililonse lisunge chithunzi cholankhula cha pulezidenti wakale, choyendera dzuwa, ndipo chikangozima boma limalanda munda. Chathu chinkabwereza zolankhula za pamsonkhano tsiku lonse, mwana osagona. Nakonso kumunda mpheta zinali kutha mapira.

Ndinachisenza pamutu n'kukachikoleka pamtengo pakati pa munda.

"Mayi a Tadala, mutilanditsa munda!" anatero amuna anga.

"Lamulo likufuna dzuwa ndi omvera, bambo. Kodi mbalame zilibe makutu?"

Mkulu wa pachithunziyo atangokuwa kuti "Abale anga!", mpheta zonse zinabalalika. Woyendera wa boma anapeza chithunzi chikulankhula bwinobwino, anakanda mutu n'kubwerera.

Nkhokwe yadzaza. Ali moyo mkuluyu sanatidyetsepo, koma chaka chino wagwira ntchito.