Mpira pa Kapinga

Dokotala wa ziweto anali atamanga kale tayi, koma kumunsi akadali m'kabudula, akuvinavina kutsogolo kwa kompyuta patebulo lodyera. Chimwemwe chinali chodzaza tsaya. Ntchito yake inali kubaya agalu katemera, koma lero asayansi anali atamuitana kuti akalankhule pamsonkhano wawo za mmene nyama zimaonera. Kunali kutatsala maola awiri okha.

Zithunzi zoti akaonetse zinkayenda bwino. Mbuzi, imene imaona pafupifupi mpaka kumbuyo kwake osatembenuka. Njuchi, imene imaona mizere ya pa duwa yobisika kwa ife. Chikatuluka chilichonse, mkuluyu ankadziombera yekha m'manja.

Chinatsala chithunzi chomaliza, mtima wa nkhani yonse. Kumanzere, mpira wofiira pa kapinga, mmene munthu amauonera. Kumanja, mpira womwewo mmene galu amauonera, poti galu sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Mnzake anali atamutumizira pulogalamu yosinthira mitundu. Anadina batani. Zithunzi ziwirizo zinatuluka zofanana ngati mapasa.

Anadinanso. Anazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso. Anaiwomba kakhofi pambali ngati wailesi yakale, koma sizinasinthe. Thukuta linayamba kunyowetsa kolala. Akakaonetsa zimenezi, mapulofesa akaseka mpaka kugwetsa magalasi, ndipo sadzamuitananso.

"Amayi!" anakuwa. "Tabwerani mudzaone zachinyengo! Pulogalamu iyi ndi yabodza!"

Mkazi wake analowa atakoleka buluku losita pamkono, n'kusuzumira.

"Eee, koma ndiye mwakhoza, bambo! Kani galu amaona chonchi? Akumvetsa chisoni bwanji!"

"Musandinyengerere ngati mwana. Zithunzizi n'chimodzimodzi."

"Chimodzimodzi pati?" anatero mayiyo akuseka. "Uku mpira uli psuu, kapinga ali biriwiri. Uku zonse zangoti mbuu ngati udzu wouma."

Dokotala anayandikira mpaka mphuno kugunda galasi. Anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja, anabwereranso kumanzere. Mkazi wake anasiya kuseka.

"Bambo, mpira wakumanzerewu mukuuona wamtundu wanji?"

"Wangati kapingayo," anayankha motsitsa mawu. "Kodi chofiira sichioneka choncho kwa aliyense?"

Pulogalamu inalibe vuto lililonse. Chibadwire chake, dokotala ankaona dziko ndi maso a galu, osadziwa.