Kope la Pansi pa Matiresi

Mu ofesi ya ahedi munali mipando itatu, koma amene anakhala pansi anali mayi okha. Mwana wawo anaima pafupi ndi chitseko, maso ali pansi. Aphunzitsi a masamu, omwe ana amawatcha a Ekisi, anatsamira kabati atavala tayi, uku akupukuta thukuta ndi kampango, chonsecho kunja kunkazizira.

Ahedi anayala mapepala awiri patebulo.

"Mayi, ili ndi pepala la mayeso la mwana wanu. Ili ndi pepala la mayankho la aphunzitsiwa. Akuti analemba pa 14, n'kulitsekera m'kabatimo. Mayeso anachitika pa 15. Tayang'anani funso lachisanu ndi chiwiri."

Mayi anayang'ana, koma ankaona chiyani? Iwo masamu anasiyana nawo kalekale, tsiku lomwe zilembo zinayamba kulowerera m'manambala. Alijebulayo inawathamangitsa, nanga kalikulasi wa mwana wawoyu akanamuyamba pati? Zimene amadziwa ndi makina osokera, tepi ndi sizasi, basi.

"Mzere uliwonse ndi wofanana," anapitiriza ahedi. "Ana anzeru amafanana ndi aphunzitsi pokhoza, zimenezo sitidabwa. Koma apa aphunzitsi anaiwala kachizindikiro kochotsera, yankho n'kupotoka. Mwana wanunso waiwala komweko, pamzere womwewo. Anthu awiri salakwitsa mofanana chonchi."

Apo ndiye mayi anamva bwinobwino. Telala amadziwa kuti ukadula diresi potsatira lina lopindika mkono, lakonso limatuluka lopindika mkono womwewo.

"Lamulo lathu mukulidziwa. Wobera timamuchotsa, ndipo mayeso omaliza salemba."

Kutatsala miyezi iwiri yokha kuti alembe! Zaka zinayi akupalasa makina mpaka miyendo kutupa, ndiye zithere pakachizindikiro kochepa ngati ulusi woduka? Anatembenukira mwana wawo.

"Iwe, tayankhula. Wameza lilime?"

Mtsikanayo anadzutsa mutu. Anaponya diso kwa a Ekisi, n'kulibwezanso pansi.

Diso limenelo mayi sanalikonde. Kunena zoona, panali zambiri zomwe sanazikonde chiyambire chaka chino. Mwanayu ankabwera mochedwa anzake onse ataweruka, ati ankatsalira ndi aphunzitsi a masamu. Ukamufunsa zambiri, ankasintha nkhani. A Ekisi anali munthu wachikulire ndithu, zaka makumi awiri akuphunzitsa alijebula m'makalasi a m'munsi, ndipo kalasi yomalizayi anangoilandira mnzawo atasamuka mwadzidzidzi. Aliyense ankati ndi munthu waulemu. Komatu aulemu omwewo ndi amene timawamvera mbiri.

Tsono m'mawa wa tsikuli, atalandira uthenga woti abwere kusukulu, mayi anakasanthula m'chipinda cha mwanayo. Pansi pa matiresi anapeza kope. Tsamba loyamba lokha linawakwanira: mafunso okhala ndi manambala ngati a mayeso, mayankho ake ali ndondondo, deti pamwamba monga achitira mwanayu pa chilichonse. Anatseka msangamsanga ngati agwira mbale yotentha.

Kopelo tsopano linali m'chikwama, pamiyendo pawo, ndipo linkalemera ngati njerwa. Akanatha kungokhala chete. Ndani akanadziwa? Koma mayiwa bodza linkawakanika chibadwire. Anaganiza kuti mwina akaulula okha, ahedi amva chisoni, amulola mwanayo kuti angolemba mayeso.

Anatsegula zipi.

"Bwana, ine sindibisa. Ndapeza ichi."

"Amayi, ayi!" Mtsikanayo anafuula koyamba chilowereni muja. "Chonde musapereke!"

Basi, kwatha, anatero mayi mumtima. Misozi inalengeza. Mwana amene anamulera okha, wakuba!

Ahedi analandira kopelo, n'kukonza magalasi. Anatsegula tsamba loyamba, lachiwiri, lachitatu. A Ekisi anasiya kupukuta thukuta. Kampango kaja kanagwa pansi, ndipo sanakatole.

"Kope la masamu lopanda inki yofiira ngakhale pamodzi," anang'ung'udza ahedi. Anabwerera kumayambiriro, n'kuika chala pamwamba pa tsamba. Anayang'ana pepala la mayankho lija, n'kuyang'ananso kope. Nkhope yawo inasintha, ndipo mayi anagwira m'mphepete mwa mpando kudikira chigamulo.

"Aphunzitsi, paja mwati mayankho anu munalemba liti?"

"Pa 14, bwana." Mawu anatuluka okhwepa.

"Apa mwanayu analemba pa 6. Ndipo m'mbali mwa funso lachisanu ndi chiwiri muli mawu a pensulo. Kalembedwe aka ndi kanu aphunzitsi, ndikukadziwa, ndakhala ndikukawerenga zaka makumi awiri."

Mtsikanayo anaphimba nkhope ndi manja, akulira. "Anandipempha kuti ndisauze munthu. Musawachotse ntchito, chonde."

Ahedi anawerenga pang'onopang'ono, mokweza: "Mwanawe, apa wadutsa bwanji? Mawa utsalire undifotokozerenso, kalikulasiyu ine sindikumumva."

Mayi anatembenuka kuyang'ana kukabati kuja. Kani mafunsowo ankamupatsa ndi aphunzitsi eni ake kuti aziwaphunzitsa! Kulakwitsa kunalidi kwa mwana wawo, koma wokopera anali atavala tayi.