Bulangeti la a Josphat

Munthu waulemu salandila mphatso ya mnzake mwiniwake asanamutume, koma Fernando anatambasula manja onse awili natenga bulangetilo.

Linali tsiku lotsazikana naye pabwalo la basiketibolo ku Nyimba, atasewela zaka khumi ndi zisanu, ndipo chikho chake anali atalandila kale. Bulangeti linali la a Josphat, mlembi amene nkhani zake zamasewelo zinkapezeka Lolemba lililonse zitamatidwa pachitseko cha shopu yometela tsitsi. Palibe amene anawaonapo nkhope, ndipo mpando umene anawasungila unali wopanda munthu.

"Bwezani, bambo!" anatelo amai Ezelina, mtsogoleli wa ochemelela. "Kunena zoona, ambilife tabwelela a Josphat. Popanda iwo, ndani akanadziwa kuti mumaponya mpila?"

Anthu anaseka. Fernando anayang'ana mpando uja.

"Palibe, amai," anayankha. "Zaka zitatu zoyamba, otionelela anali mbuzi zokha. Ndinkalakalaka munthu mmodzi woti aone zimene ndikuchita, ndipo nditamusowa, ndinakagula bolopeni. A Josphat ndine."