Uthenga wa Aphunzitsi pa Gulu la Kalasi

Mafoni onse mu labu analira pamodzi, mtsogoleri wa kalasi atangotsala pang'ono kugwira waya wofiira.

Unali uthenga wa aphunzitsi a zamagetsi pa gulu lathu, monga ankachitira tisanayambe kuyeza chilichonse: "Ana anga, pa tebulo la pakona musagwirepo. Waya wofiira ali ndi moto. Yezani kaye."

Aphunzitsiwo tinawaika m'manda Loweruka lapitali.

"Ndani akuseweretsa foni ya malemu?" anakalipa mtsogoleri.

Foniyo inali patsogolo panga, yophwasula, batire lili pambali. Akazi awo anandipatsa kuti ndiwachotseremo zithunzi.

Ndinagunditsa mita yoyezera magetsi pa wayayo. Kamuvi kanalumpha mpaka kumapeto.

Mafoni analiranso: "Mwachita bwino. Mawa tikumane nonse. Musachedwe."