Chilatini cha Wesley

Tiyi anali atazizira kale m'makapu, koma nkhani inali idakali pomwepo. Mnyamatayo anakhala pa kampando pafupi ndi chitseko, manja ali pa mawondo, maso ali pa simenti. Mawa lake sitima inkamubweza ku sukulu ya sekondale, kutali kum'mwera, kukayamba chaka chomaliza. Pa tsiku lotsegulira, mphunzitsi wamkulu ankafunsa aliyense maphunziro amene wasankha. Wotenga Chilatini, masamu ndi sayansi ankatha kuganiza za koleji ya ku Uganda, kumene anthu akuda ankaphunzira udokotala. Wotenga ukalipentala ankabwerera kwawo ndi sowo ndi hamala.

Iye anali atanena kale kuti atenga ukalipentala.

Bambo ake, a Horace Chiwaula, anali kalaliki mu ofesi ya komboni ku mgodi wa Nkana. Anasamukira kuno ku Kitwe kuchokera ku Ndola nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili pafupi kutha, ndipo mu komboni yonse ya Wusakile palibe amene sankadziwa kuti ali ndi mwana ku sekondale. Ngakhale Abemba a m'nyumba zoyandikana ankamuitana mnyamatayo kuti Ba Dokota akamadutsa ndi chidebe ku mpope. Iye sankatembenuka.

Lamulungu limenelo, atatuluka m'tchalitchi, a Chiwaula anabwera ndi mlendo. Anali a Cyril Nthala, mkulu wa mpingo, munthu amene mawu ake ankafika kwa azungu osankha ana opita ku koleji. Ankadziwikanso ndi chinthu chimodzi: chilichonse chimene amva ndi makutu awo, abusa ankachimva tsiku lomwelo.

"Muonereni nokha, a Nthala," anatero a Chiwaula. "Woyamba m'kalasi pa Chilatini. Pa masamu wachiwiri. Lero akuti akufuna kupala matabwa. Ndinachoka ku Nyasaland ndi kabudula mmodzi kuti mwana wanga adzakhome mabokosi a tomato?"

A Nthala anaseka pang'ono, navula magalasi. "Wesley, mwana wanga, Chilatini chakuvuta?"

"Iyayi, bambo."

"Aphunzitsi akukuzunza?"

"Iyayi."

"Kapena pali kamtsikana kwinakwake kakufuna tebulo msanga?"

Mnyamatayo sanamwetulire. Panja ana ankathamangitsana, akukuwa m'Chibemba. Mphepo inatembenuka n'kubweretsa utsi wa ku mgodi, uja woyabwa kukhosi, ndipo mayi ake anadzuka kukatseka zenera. Sanabwerere pa mkeka. Anaima pomwepo, chala chikukanda utoto wa pa feremu.

A Chiwaula anayamba nkhani imene ankaikonda. Mwana ameneyu, anatero, udokotala anabadwa nawo. Ali wamng'ono anatola galu wothyoka mwendo kuseri kwa msika wa ku Ndola, anamumanga ndi timitengo ndi luzi, galu n'kuchira. Tsiku lina anaima pa chipata cha chipatala kuyambira m'mawa, akungoonerera ovala zoyera, mpaka mlonda anamuthamangitsa ndi ndodo.

"Sichoncho, amake Wesley?"

Mayiyo anagwedeza mutu osatembenuka.

"Galuyo ukumukumbukira?" anafunsa a Nthala.

"Sindinamugwirepo galu ameneyo," anayankha mnyamatayo.

"Mwano umenewo," anatero a Chiwaula mofulumira. "Kuyambira pamene anabwera pa tchuthi, ndi momwemu."

Mkulu wa mpingo anasendeza kapu, natsamira kutsogolo. Analankhula mofatsa ngati ali pa maliro. Anatchula anyamata a mu komboni amene anatsiriza Sitandade Sikisi n'kukathera pansi pa mgodi, akukankha ngolo za miyala. Anatchula amayi amene amagona pa khonde la chipatala kudikira dokotala wosadziwa chinenero chawo. Mwayi wotere, anatero, sugwera nyumba iliyonse. Mu Kitwe monse ana ofika Fomu Folo ungawawerenge pa dzanja limodzi. Iye mwini anali wokonzeka kukaima pamaso pa azungu aja n'kunena kuti mwana uyu ndikumudziwa, ngwoona mtima, m'tumizeni.

Zimene ankanena mkuluyo zinali zoona, ndipo mnyamatayo ankadziwa. Chilatini ankachikonda ndithu. Ankakonda mmene mawu ake amalumikizirana mwaudongo ngati mano a matabwa awiri. Ankadziwanso kuti akangoulula zoona pamaso pa munthu uyu, sitima ya mawa idzanyamuka popanda iye, ndipo ngakhale sowo ija sadzaiona. Tchuthi chonse ankayembekeza kuti bambo ake amulola mwakachetechete, amalize chaka chake, akakhale mmisiri kwina kumene palibe womudziwa. Koma bambo ake anabweretsa mboni.

"Tangoganiza," anatero a Nthala, akujambula m'malere ndi chala. "Chitseko choyera. Pamwamba pake zilembo zakuda, zoti ziwerengedwe mpaka udzakalambe: Dokotala Wesley Chiwaula."

Mnyamatayo anaimirira.

"Khala pansi," anatero bambo ake.

Sanakhale.

"Ndati khala pansi, Wesley."

Iye anayang'ana mkulu wa mpingo m'maso, koyamba chilowere m'nyumbamo, ndipo mawu ake anatuluka otsika koma osagwedezeka.

"Amene ankafuna udokotala tinamuika m'manda ku Ndola, patangotsala masiku ochepa kuti akayambe sekondale. Bambo anandikweza ine sitima m'malo mwake, ndi dzina lake lomwe. Ine ndine Hector, mng'ono wake, ndipo sindikalamba ndi dzina la munthu wakufa."