Bango la M'maziko

Pa tsiku la makumi anayi, Safta anabweretsa chakudya cha mwamuna wake pabwalo la tauni monga mwa masiku onse: buledi, tchizi ndi anyezi awiri. Pansi pa bulediyo anabisapo tchizulo, kachitsulo kosemera miyala.

Octav, mwamuna wakeyo, anali pamwamba pa nsanja akusalaza nsonga ya mwala. Anali munthu wamtali ngati mlongoti, ndipo mpango wobiriwira umene Safta anamulukira sunkachoka m'khosi mwake ngakhale dzuwa liswe mtengo. Safta anali wamfupi, woti pogawana ambulera ankanyowa ndi mwamuna.

Akuluakulu a katauni kameneka, m'mapiri a Buzău, anapempha chiboliboli chokumbukira anyamata awo amene anathera kunkhondo yaikulu. Ankayembekezera msilikali wa ndevu, mfuti paphewa. Koma Octav anali atabwerako ku Paris ndi nzeru zatsopano. Chimene chinkatuluka m'mwala uja chinali chinthu chopendekeka, chopanda maso, chopanda manja, chokhala ndi kachotupa kamodzi kumutu. Ena ankati ndi nkhaka. Amayi oferedwa ankati ndi bokosi la maliro loimika.

"Nkhope ndi bodza," ankatero Octav. "Ine ndimasema chimene chimatsala nkhope ikachoka."

Anthu ophunzira amatha kulankhula, zimenezo tisawamane. Koma maziko samva Chifalansa. Anang'ambika kawiri mwala usanasemedwe n'komwe, ndipo amisiri anaika zida pansi. Mkulu wawo, Pârvu, nkhalamba ya dzino limodzi, sanapite m'mbali.

"Bwana, mwala wanuwu ukufuna munthu. Popanda chithunzithunzi tizingomanga mpaka Ambuye adzabwere."

Mwambowo ankaudziwa aliyense. Belu la masana likamalira, umayeza chithunzithunzi cha munthu ndi bango, n'kumangirira kunsonga kaulusi ka chovala chake, n'kulitsekera m'maziko. Chomangacho chimalimba, koma mwini chithunzithunzi sadutsa masiku makumi anayi. Bango likachotsedwa, munthu amapulumuka, mwala n'kugwa.

Octav anaseka mpaka kutsokomola. Koma m'mawa mwake, belu la masana likulira, anamuimitsa Safta pakati pa bwalo, dengu lili m'manja.

"Taima pomwepo, mkazi wanga. Usagwedezeke."

Anagwada, anagoneka bango m'fumbi kuyambira kumapazi ake mpaka pa mfundo ya duku, n'kulidula. Madzulo omwewo amisiri anayambanso ntchito akuimba, ndipo maziko sanang'ambikenso.

Safta sanafunse kanthu. Ukafunsa chiyani? Zaka zisanu anachapa zovala za anthu, manja kuchita kusupuka, kuti bamboyo akaphunzire kusema ku Paris. Malipiro ake ndi amenewa. Chinamupweteka kwambiri sichinali imfa ayi, koma kuti pomuyezapo Octav ankaimba mluzu.

Anayamba kuwerenga masiku. Chakudya chinasiya kulowa. Diresi lake linayamba kumukhwepa. Akamadutsa pabwalo, amisiri ankavula zipewa n'kuyang'ana pansi. Tsiku lina Pârvu anamugwira dzanja, misozi ikulengeza m'maso.

"Mulungu akulimbitseni mtima, mayi. Ife tinawaletsa, koma amuna anu ndi nkhutukumve."

"Munawaletsa, koma matope munaponda," anayankha Safta, n'kuchotsa dzanja lake.

Ndiye lero, tsiku lomaliza, anaika dengu pansi pa nsanja. Amisiri anali atapita kukadya kuseri kwa tchalitchi. Pabwalo panalibe munthu, kupatula uyo wakumwambayo, amene anali atadzimangirira ndi chingwe ku nsonga ya mwala wake kuti manja onse agwire ntchito.

Chingwecho Safta anachiona bwinobwino. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Mantha anali nawo, chisoni anali nacho, koma mkwiyo unaposa zonse. Ngati wina ayenera kufa lero, afe amene anayamba.

Anazungulira kuseri kwa maziko, pamene anaona Pârvu akumata kamwala tsiku lija. Anakhoma tchizulo ndi mwala. Kamwalako kanatuluka. Anachotsa kachiwiri, kenako kachitatu, kamene kanavuta ngati dzino lachibwano. Fumbi linayamba kuyoyoka lokha kuchokera m'kati. Anapisa dzanja mpaka m'chigongono ndipo anagwira chinthu chouma, chozizira.

Anakoka. Anakokanso. Bango linkangobwera.

Belu la masana linalira.

"Safta! Wabwera?" Mawu a Octav anatsika kuchokera kumwamba, osangalala ngati a mwana. "Tabwerera m'mbuyo udzione! Mfundo ya duku lako ija ndaimaliza. Bango lako lija landithandiza, sindinaphonye ngakhale chala chimodzi!"

Safta anayang'ana pansi. M'fumbi munali zithunzithunzi ziwiri zogundizana, chake ndi cha mwala, zonse zopendekeka ngati munthu wonyamula dengu, zonse ndi kachotupa kumutu. Anagoneka bango la m'maziko lija kumapazi kwake.

Chithunzithunzi chake chinathera pakati. Bango linapitirira, ndipo kunsonga kwake kunali kaulusi kobiriwira ka mpango wa Octav.

M'kati mwa maziko munamveka kuti thee.